Makutu a Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, aliyense amawatchula kuti a Samva. Dzina lawo lenileni lilipo, koma mukalitchula pamsika anthu akufunsani kuti mukunena ndani. Akuti anawapatsa dzinali ndi amayi awo ali kamnyamata, tsiku lomwe anawaletsa kukwera mtengo wa mango uli wonyowa, iwo n'kukwera, n'kugwa, n'kuthyoka mkono, mawa lake n'kukweranso ndi mkono wotsalawo. Dzinalo linawakhala ngati malaya osoka telala wodziwa ntchito. Ukawauza kuti kukubwera mvula, amatuluka opanda ambulera. Ukati tiyi watentha, ndiye amamwa pompo.

Ine ndine wometa tsitsi. Zida zanga ndi makina, sizasi ndi pakamwa, ndipo achemwali amati pa zitatuzi chomwe sichinabunthepo ndi pakamwa. Ndiye ndikachulutsa gaga m'diwa mundikhululukire. Nkhani yake ndi ya njinga ya alamu anga, imene achemwali anaimangirira ndi tcheni ku mwendo wa bedi, n'kuikapo loko, n'kulumbira kuti ikadzatuluka m'nyumbamo idzakhala ikupita kwa wogula.

A Samva analowa ntchito pachigayo ndevu zisanamere, ndipo adakali pomwepo, ngakhale eni chigayo asintha kangapo. Ndi chipinda chimodzi cha malata, injini pakona, lamba akuzungulira, ufa uli kobo mpaka kudenga. Amatuluka madzulo ali mbuu, nsidze zoyera, mutu woyera, moti ndawameta zaka zonsezi osadziwa kuti imvi zinayamba liti. Mowa samwa, fodya sasuta, mpira alibe nawo ntchito. Achemwali ankati, "Ndinapeza mwamuna wopanda chilema, kungoti ndi mwala."

Njingayo anaigula kwa ogulitsa katundu wakale. Tsiku lomwe anafika nayo, aneba anatuluka kudzaseka. Matayala owonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, chishalo kachinthu koti sungakhazikepo ngakhale dzira. Kaliyala panalibe.

"Nanga njinga yosanyamula thumba, yosanyamula munthu, ntchito yake n'chiyani?" anafunsa achemwali.

"Inyamula ine," anatero a Samva.

Kenaka anabweretsa kabudula wothina, wa kapilo kumatako. Ameneyo achemwali ankamuchapa ndithu, koma ankamuyanika kuseri kwa nyumba, pakati pa mabulangeti.

M'tauni sankapalasamo njingayo. Ankaikankha mpaka kutuluka m'phokoso la maminibasi, n'kukhotera ku msewu wakale wa m'phiri. Msewu umenewo anthu anausiya atamanga watsopano wodzera m'munsi. Mabasi, malole, njinga zamoto, zonse zinathamangira kumeneko. Wakalewo unatsala ndi phula long'ambika m'mbali, mitengo ya paini uku ndi uku, anyani okhala pakati pa msewu ngati anaugula, ndi lole ya zipika apo ndi apo. Umakwera mokhotakhota, osawona kutsogolo, mpaka pamwamba pomwe pali thanthwe lathyathyathya.

Ine ndinalowa m'nkhaniyi chifukwa cha mimba yangayi. Adokotala anayeza magazi, anayang'ana mimba, anayang'ananso ine, n'kunena kuti ndisankhe, kuyenda kapena bokosi. Ndinagula njinga yanga, yolemera, ya matayala aulemu wake, n'kuyamba kuwatsatira alamu Lamlungu lililonse m'mawa, chigayo chikatseka. Tsiku loyamba ndinasanza pakhota lachiwiri. A Samva anaima, anandiyang'ana, anati, "Mwatha? Tiyeni."

Tinali ndi lamulo lathu la pamsewu. Wakutsogolo ndiye maso: akaona dzenje amakuwa kuti "Dzenje!", akaona mchenga pakhota amati "Mchenga!" Wakumbuyo ndiye makutu: akamva galimoto amakuwa kuti "Kumbuyo!", nonse n'kupatukira kumbali. Kutsogolo kunali kwa a Samva, osakambirana. Munthu ameneyo sanayendepo kumbuyo kwa wina, ngakhale pamaliro amapezeka ali pafupi ndi bokosi. Ine ndinali makutu, ndipo zinandiyenera, chifukwa kukuwa ndi mphatso yanga.

Tikafika pathanthwe tinkatsamiritsa njinga, kumwa madzi, kugawana buledi. Ine ndinkayamba nkhani za kushopu yanga yometera, za yemwe wathawitsa mkazi wa yani. Iwo ankakweza dzanja.

"Alamu, tazimitsani wailesi yanuyo. Tamverani."

"Ndimve chiyani? Kulibe kanthu."

"Chimenecho. Kuli zii. Ine ndimadzera zii ameneyu."

Ndinkakhala chete mwina nthawi yokwana kumeza malovu, kenaka n'kuyambiranso. Ankangopukusa mutu.

Sindingakuuzeni kuti zinayamba chaka chiti, chifukwa zinabwera pang'onopang'ono. Ndinkakuwa kuti "Kumbuyo!", iwo osapatuka msanga. Ndikuwanso, iwo ali pakatikati pa msewu, mutu pansi, miyendo ikuzungulira. Galimoto inkachita kuwazemba. Ndikawadzudzula pamwamba, ankandiyang'ana nkhope nthawi yaitali n'kunena kuti, "Msewu ndi wa tonse." Ine n'kuti, a Samva ndi a Samva, nanga n'chachilendo?

Kunyumba nakonso. Achemwali ankabwera kushopu kudzadandaula, ine ndili pamutu wa munthu. "Alamu akowa anyanya. Ndikawaitana ndili kukhitchini, zii. Ndikawafunsa kanthu atandipatsa msana, zii. Wailesi amakweza mpaka aneba amadziwa zomwe tikumvera. Ndakalamba ine eti, mawu anga sakomanso?" Ndinkawatonthoza kuti munakwatiwa ndi Samva, mumayembekezera kuti akakula adzakhala Mverani? Makasitomala ankaseka, achemwali osaseka.

Tsiku la ngozi tinali kutsika. Kutsetsereka kwa msewu umenewo n'kokoma koma n'koopsa: mphepo imakutulutsa misozi, manja ali pamabuleki, makhota akubwera motsatizana. Ndinamva lole ya zipika ikubangula kumbuyo. Ndinapatuka, n'kukuwa, "Kumbuyo!" A Samva anali patsogolo ndithu, atawerama, pakati penipeni pa msewu. Lole inandidutsa. Dalaivala analiza hutala, phiri lonse linayankha. Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Munthu osatembenuka! Mabuleki analira, fungo la matayala linadzaza, lole inakhotera kumbali n'kulowetsa matayala awiri m'ngalande. A Samva anaiona itawafika paphewa. Anadzidzimuka, njinga inapepeluka, n'kugwera m'miyala ya m'mbali.

Mulungu ndi wamkulu, sanathyoke paliponse. Phewa ndi ntchafu zinasupuka, chipewa chawo cholimba chovala popalasa chinang'aluka pakati. Dalaivala anatsika, mwamuna wamkulu thukuta lili kamukamu.

"Mdala, mukufuna kundimangitsa? Ana anga adyetsa ndani? Kodi ndinu gonthi?"

A Samva anangomuyang'ana pakamwa. Ndinayankha ndine, pofuna kuziziritsa zinthu: "Pepani achimwene, si gonthi ayi. Ndi wosamva chabe." Mpaka ndinasekako pang'ono.

Achemwali sanaseke. Anatsuka mabalawo ndi madzi amchere mosanyengerera, akulankhula. "Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Inu mukufuna mudzamve lole ili pamsana? Ine umasiye wochita kuitana sindiufuna." Madzulo omwewo tcheni ndi loko zinali pa njinga, kiyi ali m'chikwama chawo. A Samva sanatsutse, ndipo zimenezo zinatidabwitsa kuposa ngoziyo.

Mabala anapola, koma munthu anayamba kufota ngati masamba a ndiwo padzuwa. Lamlungu ankadzuka m'mawa monga kale, kulowa kuchipinda, kupukuta njinga ili chimangire, kuthira mafuta patcheni, kupopa matayala oti sapita kulikonse. Akatha ankakhala pakhonde, manja pamawondo, kuyang'ana kuphiri. Chakudya ankangochitola. Ine ndekha kuphiri sindinkapita, ndipo mimba inayamba kubwerera kwawo. Ndinawakwiyira kwambiri alamuwo, chifukwa ndinkaona kuti atilanda tonse chinthu chabwino ndi makani awo.

Tsiku lina anabwera kudzameta magetsi atazima. M'shopu munali mdima, ndiye ndinatulutsa mpando pakhonde, n'kutenga sizasi ndi chipeso. Ndinawakulunga nsalu m'khosi, n'kuima kumbuyo kwawo. Mkwiyo uja unandikwera, ndinati lero ndiwabaya pomwe pamapweteka.

"Alamu, njinga yanu ndaipezera wogula. Ndi wogulitsa makala, akuti awotchererapo kaliyala."

Zii.

Ife ometa timadziwa khosi la munthu. Ukamuuza chomukwiyitsa, ngakhale asayankhe, khosi limauma, makutu amasuntha. La a Samva linali lofewa ngati la mwana wogona.

"Ndipo kabudula wanu wa kapilo uja ndizipukutira galasi."

Zii.

Ndinasiya kumeta. Ndinaliza sizasi pafupi ndi khutu lawo lakumanzere, tche tche tche. Osaphethira. Ndinaliza kumanja. Anangokhala, akuyang'ana nkhuku zomwe zinkadutsa pamsewu. Pamenepo ndinakumbukira galasi. M'shopu muja, nthawi zonse ndikamawameta, maso awo sankachoka pagalasi, mpaka ndinkawaseka kuti mdala akudzikonda ngati mtsikana. Kani sankadziyang'ana okha. Ankayang'ana pakamwa panga.

Ndinazungulira, n'kunjuta patsogolo pawo, n'kulankhula pang'onopang'ono. "Alamu, kodi simukumva?"

Anandiyang'ana milomo. "Mwadziwa lero?"

"Abale inu! Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinanena," anatero, mokweza kuposa mmene zinkafunikira. "Ndinawauza achemwali anu tili patebulo kuti, amayi, masiku ano sindikumva bwino. Anandipatsa mapiritsi a mutu, n'kundifunditsa bulangeti. Patapita nthawi ndinati, amayi, ine sindikumva. Anati, munayamba mwamvapo liti? Inunso ndinakuuzani, pathanthwe paja."

"Ine?"

"Munati dziko lonse likudziwa, n'kupitiriza nkhani ya mkazi wa kalipentala."

Ndinafuna kukana, koma nkhani ya mkazi wa kalipentala ndinaikumbukira bwinobwino.

"Ndiye ndinangosiya," anatero. "Ndinaonanso kuti ndikalimbikira, mukamvetsa, mundilanda njinga. Bola munditche wamakani, dzina ndi langa kale." Anagogoda pamutu pawo ndi chala. "Muno chigayo sichizima, alamu. Usiku chikugaya, Lamlungu chikugaya. Malizani kumeta, mwandisiya mbali imodzi."

Ndinamaliza, koma maganizo sanali pamutupo. Tsiku limenelo a Samva anatuluka ndi mutu wokhota, ndipo sanadandaule.

Achemwali ndinawapeza kuchipinda akupinda zovala. Ndinawafotokozera zonse, osakometsa. Anakhala pabedi, pambali pa njinga ija, shati la amuna awo lili m'manja.

"Ndinawapatsa mapiritsi a mutu," anatero. "Awiri. N'kuwauza kuti achepetse kupalasa padzuwa." Analira ndithu, kulira kwa munthu wamkulu, kopanda phokoso. "Ine ndimati andinyoza. Ndinafika posiya kuwaitana, kumangoika mbale patebulo n'kuchokapo." Anapukuta m'maso ndi shati lija, n'kuyang'ana njinga. Nkhope inalimbanso. "Ndiye iyi basi. Wamakani ukhoza kumuopseza, akasintha. Gonthi pamsewu wa malole? Ndikhale nditafa."

Apa ndiye ndinaona kuti pakamwa pangapa pawonjezera loko wachiwiri.

Kuchipatala anati makutu anadyeka ndi phokoso la injini, ndipo sabwereranso. Anawapatsa kachipangizo koika m'khutu, ndi zotsekera makutu zoti azivala pachigayo. Madzi akatayika saoleka, koma anavala. Kachipangizoko kanathandiza m'nyumba: achemwali akakhala pafupi, n'kulankhula atayang'anana, ankamvana. Anaphunzira kuwagwira paphewa asanayambe kulankhula, ndipo m'nyumbamo munayambanso kumveka kuseka. Koma panja, mphepo ikangowomba, kankalira ngati mluzu. Panjinga sikakanathandiza kanthu. Njinga inakhalabe pamwendo wa bedi, ndipo a Samva anapitiriza kupopa matayala Lamlungu.

Nzeru inandipeza pachigayo. Ndinapita masana ena kukawasiyira ambulera yomwe anaiwala kushopu, n'kuima pakhomo chifukwa cha ufa. M'menemo palibe amene amalankhula. Mayi wina anakweza dzanja, a Samva anaimitsa kuthira. Anazunguliza chala, anabwereza kugaya. Wina analoza thumba, anasintha pompo. Ndinati, taonani! Munthu tinkamuyesa wosamva uja, manja amawamva msanga kuposa aliyense.

Madzulo ndinapita kwawo. Tinakhala patebulo atatu, ine moyang'anana ndi alamu kuti aziona pakamwa.

"Tisinthane," ndinatero. "Makutu apite kutsogolo. Ndikamva galimoto, ndikweza dzanja n'kuloza kumbali, iwo aona, apatuka. Maso ali nawo, maenje adzionera okha."

"Iwe kutsogolo?" anatero achemwali. "Mukafika pamwamba Lachiwiri."

"Tikafika ndithu."

Achemwali anayamba kupukuta tebulo loti n'loyera kale. Kenaka anawagwira amuna awo paphewa, n'kuwayang'ana m'maso. "Abambo, mwamva zomwe akunena mlamu wanu? Mukhala kumbuyo kwake. Osamupitirira pamtunda, osamupitirira potsika, ngakhale aziyenda ngati kamba. Mungathe inu?"

A Samva anayang'ana mimba yanga. Anaiyang'ana nthawi yaitali moti ndinaikokera m'kati. Ndinkadziwa chomwe tikuwapempha. Zaka zonse ankafika pathanthwe ine ndidakali m'munsi, n'kumandidikira akudya buledi. Ndinkayembekezera kuti anena kuti bola njinga idye dzimbiri.

"Ndikhala," anatero.

"Mukamupitirira kamodzi kokha ndidziwa, chifukwa uyu sasunga chinsinsi."

Achemwali anatenga chikwama, anafufuza, natulutsa kiyi. Sanawapatse amuna awo. Anaika m'dzanja langa, n'kulifumbatitsa ndi manja awo onse awiri. "Upite nawo, ubwere nawo. Wamva?"

"Ndamva, achemwali."

"Mawu amenewo m'nyumba muno sindiwakhulupiriranso. Tabwereza."

Ndinabwereza.

Lamlungu lotsatira tinakankha njinga kutuluka m'tauni, n'kukwera pomwe msewu wakale umayambira. Nkhungu inali isanachoke m'mitengo. Kutsogolo n'kwina, abale. Kulibe msana woti uziutsatira, kuli msewu wokha ukukuyang'ana. Ndinatseka pakamwa kuti makutu agwire ntchito, ndipo ndinayamba kumva zinthu zomwe sindinazimvepo pamsewu umenewo: madzi akutsika m'ngalande, tcheni cha njinga yanga chikudandaula, ndi kumbuyo kwanga kulira kwa mabuleki a a Samva, tswii, tswii, akudziletsa kuti asandigunde. Munthu kugwira mabuleki pokwera phiri! Ndinamva chisoni, koma miyendo yanga inalibe zina zoti ipereke.

Pakhota lalitali ndinamva injini kumunsi. Ndinakweza dzanja, n'kuloza kumbali. Nditacheuka, a Samva anali atapatuka kale, tayala lili m'mphepete mwa udzu. Galimoto inadutsa, dalaivala anatikwezera dzanja. Tinabwerera pamsewu, n'kupitiriza kukwera.

Pamtunda womaliza, umene umaimirira ngati khoma, mpweya unandithera. Njinga inayamba kupita uku ndi uku, ndinali pafupi kutsika. Kenaka ndinamva dzanja pamsana panga, lolimba, la zikang'a, likundikankha. Sanandipitirire. Tayala lawo lakutsogolo linali kumbuyo kwa langa, iwo atatambasula mkono, akupalasira anthu awiri. Tinafika pamwamba chomwecho, ine patsogolo ngati ngolo, iwo kumbuyo.

Tinatsamiritsa njinga, tinakhala pathanthwe. Ndinamwa madzi, mtima ukugunda m'makutu. Mpweya utabwerera, pakamwa panayamba kuyabwa, chifukwa ndinali ndi nkhani yatsopano ya mkazi wa kalipentala yemwe uja. Ndinatembenuka kuti aone milomo yanga. Anayamba kulankhula ndi iwo.

"Alamu, kuli zii?"

Ndinamvetsera. Kunali kamphepo m'mapaini, ndi mbalame imodzi kutali kumunsi. Ndinagwedeza mutu kuti inde.

"Ngati kale?"

Ndinagwedezanso.

Anayang'ana kutsidya, kumapiri ena, n'kuika dzanja lawo pabondo langa. "Kwanga kuno chikugayabe," anatero. "Ndiye khalani chete, mundimverere."

Nkhani ya mkazi wa kalipentala ndinaimeza. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linatentha thanthwe, ine osatsegula pakamwa ngakhale kamodzi.